Bwatomunthu wa ku Kachulu

Katoni inatsika panjinga yamoto anthu onse a padoko la Kachulu akuona. Aubrey anaimasula yekha, osalola wanjinga kuikhudza, n'kukaitula pakhomo pa shedi ya mlamu wake.

Unali mwezi wa Julaye, chaka cha 2024. Mwera unali utavuta chiyambire m'mawa, moti maboti opita ku chilumba cha Chisi anali atakocheza. Asodzi ndi amayi ogula matemba analibe china choyang'ana koma katoniyo.

Makisoni, mmisiri wa malata wa padokopo, ankapinda mkombero wa ndowa pachidutswa cha njanji. Anaizindikira katoniyo nyundo ili m'mwamba. Chingwe cha ukonde chomangira chinali chake, koma mfundo zinali za munthu wina.

"Alamu," anatero, "katundu akapita ku Joni amabwereranso?"

"Uyu wabwerera."

"Wathyoka?"

"Wakanidwa."

Aubrey anatsegula. M'katimo munali malole a zitini, ofiira ndi obiriwira, iliyonse yokutidwa m'nyuzipepala monga inachokera mu Meyi. Alli, mwini boti lina la padokopo, anasuzumira n'kugwira pakamwa.

"A Makisoni, ana anu awapitikitsa ku Joni? Kodi munawatumiza opanda mapasipoti?"

Doko lonse linaseka. Makisoni anaseka nawo ndi mano okha. Anakokera katoniyo m'shedi, n'kukodola mlamu wake kuti alowe.

Ntchito ya zidole inayamba mu 2018, chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, maboti n'kugona pamatope ong'aluka. Asodzi atabalalika, panalibenso wogula nyali, ndowa kapena mbaula. Nthawi imeneyo Aubrey, mlongo wake wa Eliza mkazi wa Makisoni, anabwera kuchokera ku Limbe, kumene ankagulitsa za pakaunjika, atanyamula chidole cha pulasitiki chothyoka mwendo. Inali lole, koma ukaipinda uku ndi uku inkaimirira n'kusanduka loboti wa manja ndi mutu. Makisoni anaitsegula kuti aikonze. Sanaitsekenso. Chilimwe chonse anakhala akuyeza tizidutswa take, ndipo mvula yoyamba isanagwe anali atapanga ina ngati yomweyo, ya zitini za mafuta ophikira, mahinjesi ake a masipoko a njinga.

Aubrey ndiye anatulukira kuti kunja kuli azibambo a ndevu zawo amene amagula zidole zotere, osati kuti ana aziseweretsa, koma kuti aziziika m'makabati a galasi. Anapeza mayi wina wa ku Malawi, dzina lake Sharon, amene anali ndi shopu ya zinthu zotere ku Joni. Eliza, amene amalemba maina pamaboti a pa Kachulu, ndiye ankapaka penti. Dzanja lake silinkaphonya. Ngakhale kachizindikiro kamakonamakona ka pachifuwa pa loboti ankakajambula ndendende monga kanalili pa pulasitiki.

"Nenani," anatero Makisoni atakhala pa ndowa yovundikira.

"Chidole choyamba chija chili ndi eni ake, kampani ya kunja. Maloya awo aona zithunzi pa intaneti. Auza mayi Sharon kuti achotse zonse, apo ayi shopu itsekedwa. Akuti munapanga popanda chilolezo."

"Eni ake? Zitini ndinatola ndine. Sizasi ndi yanga. Zala zimene zinachekeka ndi izi mukuzionazi."

"Zala zanu sakuzikana. Akuti maonekedwe ndi awo, ndi chizindikiro chija."

"Chizindikiro! Paboti la Alli pali chizindikiro cha timu ya mpira ya ku Mangalande, chachikulu ngati lichero. Anabwera ndani kudzamulanda boti?"

"Boti la Alli siligulitsidwa pa intaneti, alamu."

Aubrey anasendera pafupi. Anali munthu wosakhalitsa m'chisoni, ndipo njira ina anali ataiganiza kale pa minibasi.

"Musade nkhawa. Kunjako kuli mafakitale athunthu amene amadya pa ntchito yomweyi opanda chilolezo. Chizindikiro saikapo. Mutu amausintha pang'ono, dzina n'kupereka lina. Ogula amadziwa kuti ndi yemwe uja, amagula mwakachetechete. Ifenso tipale penti pachifuwa, tiike tinyanga pamutu, basi. Mayi Sharon akaopa, ndipeza wina wosaopa."

"Ndiye kuti mbuzi ya eni tingoidula makutu mwina."

"Inu mwangoti kumene si ya eni."

Makisoni anayang'ana pashelefu ya kumbuyo, pamene panali chinthu chimene ankachinyadira kuposa malole onse. Anachipanga mu 2021, osaonera kwa munthu. Linali boti la matabwa la pa Chilwa, lotalika ngati mkono, lokhala ndi mipando yake ndi nsungwi yokankhira. Ukakoka mutu wa boti unkagwada n'kukhala mutu wa munthu wovala chipewa cha mlaza. Nthiti za boti zinkatseguka kukhala manja, pansi pake n'kugawika kukhala miyendo, ndipo nsungwi ija inkatsala m'dzanja la msodzi woimirira. Anthu a padoko analitcha Bwatomunthu, dzina n'kukanirira.

"Nanga uyo?" anafunsa. "Uyonso ali ndi eni ake ku Ulaya?"

Aubrey anakanda m'mutu.

"Nkhani yachiwiri ndi imeneyo. Mayi Sharon amufuna Bwatomunthu. Akuti ameneyo angamuike poyera, dzina lanu lili pamwamba, popanda woopa. Koma aona izi."

Anatulutsa foni. Pachithunzi panali Abwatomunthu ataimirira pamzere pathebulo la pamsika, nsungwi m'manja. Kumbuyo kwawo kunali chikwangwani cholembedwa ndi penti yakuda: SAULOS, MWINI LUSO, SONGANI.

"Akufunsa kuti mwini wake weniweni ndani," anatero Aubrey. "Apsa kale kamodzi. Akuti ngati pali mkangano, satenga ngakhale mmodzi, wanu kapena wa Saulos."

Makisoni anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenaka anabweza foni, n'kuvula epuloni.

Tsiku la msika wa Songani anadzuka n'kuvala malaya ake a kutchalitchi. Anakwera njinga yamoto kudutsa m'midzi ya kwa Kuntumanji, fumbi likumulowa m'kolala, ndipo njira yonse ankayala mawu amene akanene. Saulos ankamudziwa bwino. Onse awiri anaphunzira kukhoma ndowa kwa mmisiri mmodzi mumsika wa Zomba, akudyera m'mbale imodzi, ndipo kuyambira kale Saulos anali wa pakamwa pothwa.

Anamupeza kuseri kwa ogulitsa tomato, atazunguliridwa ndi makheni othirira ndi mbaula. Zidole zinali kutsogolo.

"Ee, achimwene a ku nyanja!" anakuwa Saulos. "Mwatibweretsera matemba, kapena mwangobwera ndi fungo lake?"

Makisoni sanapereke moni. Analoza chikwangwani.

"Werenga apo."

"Ndinalemba ndine, ndiwerengerenji?"

"Mwini luso. Luso lake liti? Boti ili unaliona kuti iwe? Pa Songani pano pali nyanja? Madzi amene umawadziwa ndi a m'chithaphwi cha pa siteji."

Amayi a tomato anasiya kuitana makasitomala. Anyamata a kabaza anayamba kusendera, njinga m'manja.

"Ndinagula mmodzi kwa aphunzitsi ena a ku Domasi," anatero Saulos mosatekeseka. "Ndinamuphwasula, ndinamuyeza, ndinapanga wanga. Zitini ndimatola ndekha. Sizasi ndi yanga."

"Koma nzeru ndi zanga! Miyezi ndinagona ndikulota mmene mutu wa boti ungagwadire. Iwe wangobwera kudzakolola. Ndiwe wakuba, Saulos. Wakuba wa masanasana, wolemba ndi dzina lake lomwe pamwamba pa katundu wakuba."

Liwu lakuti wakuba pamsika silinenedwa mwamasewera. Anthu anaunjikana. Saulos anaimirira pang'onopang'ono, akupukuta manja pa buluku.

"Abale, mwamva? Ndine wakuba. Chabwino. Tsono ndifunseko kamodzi kokha. Achimwenewa amatchuka ndi malole osanduka anthu, mpaka ku Joni. Achimwene, lole ija munailota inunso? Munagona pa Kachulu, mngelo n'kubwera ndi lole m'manja?"

"Imeneyo ndi nkhani ina."

"Ina bwanji? Munaitenga ya pulasitiki, munaiphwasula, munaiyeza, munapanga yanu. Ine ndaphunzira kwa inu. Eni ake munawapempha?"

"Ndikanawapeza kuti? Ali kutsidya kwa nyanja zamchere!"

"Oho! Ndiye kuti mwini munda akakhala kutali, chimanga chimakhala cha aliyense? Inenso Kachulu ndimamuona kutali. Msewu wake woipa uja!"

Msika unaphulika ndi phwete. Mayi wina wa tomato, wonenepa, wa mpango wachikasu, anawomba m'manja.

"Anyani sasekana zikundu, bambo! Khalani pansi mugawane nthochi."

Kuti apeze pobisa maso, Makisoni anatola chidole chimodzi pathebulo. Anafuna kupeza cholakwika choti aonetse anthu, hinji yopotoka kapena msoko wosagwira. Anakoka mutu wa boti, unagwada. Anatsegula nthiti, manja anatuluka. Kenaka panamveka kaphokoso kakang'ono, tcha, ndipo manjawo anaima nji.

Anatembenuza chidolecho. Kwa Bwatomunthu wake, manja ankagwidwa ndi kalabala ka chubu cha njinga, kamene kakapsa ndi dzuwa kankaduka, manja n'kulendewera ngati a munthu woledzera. Zaka zitatu vutoli linamukanika. Apa panalibe labala. Panali kawaya ka ambulera, kopindidwa mwa mtundu wake, kamene kankalowa m'kabowo n'kudzitsekera kokha.

Anabweza chidolecho pathebulo mofatsa. Anadutsa pakati pa anthu mutu uli chilili, ndipo kuseka kunamutsatira mpaka pa siteji.

M'mawa mwake sanatsegule shedi. Anatsikira kudimba kumene Eliza ankazula mbande za mpunga wa chilimwe panazale, n'kuzimanga m'timitolo. Anaima pamzere wouma, manja kumbuyo.

"Mbiri yafika kale," anatero Eliza osadzutsa mutu. "Akuti dzulo pa Songani panali kanema waulere."

"Amake Faith, musandiwonjezere."

"Sindikuwonjezerani. Tagwirani mtolo uwo, musangoima ngati chiopsezo cha mbalame."

Makisoni anagwira mtolo.

"Munthu uja wandibera," anatero. "Ndipo wandichititsa manyazi pamaso pa ogulitsa tomato."

"Wakuberani, inde. Chikwangwani chija ndi bodza. Koma manyazi munapita nawo nokha, m'thumba la malaya a kutchalitchi."

"Inunso muli mbali yake?"

Eliza anawongoka, n'kutsamira chiuno ndi dzanja lamatope.

"Taonani nazale iyi. Mbewu yake ndinaisankha ndekha ngala imodziimodzi. Chaka chilichonse amayi a m'dambo muno amabwera kudzatenga mbande. Ndinamukanapo ndani?"

"Palibe."

"Palibe, chifukwa mbande sakaniza. Koma amabwera masana, amati odi, amapempha. Ndipo mpunga ukacha, munthu akawafunsa, amati mbewu iyi ndi ya kwa amake Faith. Amene angazule ndisakudziwa, ngakhale kamtolo kamodzi, ameneyo tikakumana kubwalo. Mbande zake ndi zomwezo. Kusiyana kwake ndi odi."

"Ndi zimene ndimamuuza Saulos."

"Mumamuuza muli ndi mbande za eni m'manja. Akanamva bwanji? Ine ndemwe ndinajambula kachizindikiro kaja ndikuyesa maluwa, ngati ndikulemba boti la Alli. Sitinkadziwa. Lero tadziwa. Eni ake alankhula, ndipo akana."

Makisoni anayang'ana kunyanja. Mphepo inali itagwa, ndipo maboti oyamba ankatuluka m'mabango kulowera ku Chisi.

"Malole aja ndiwo anatidyetsa nyanja itaphwa," anatero motsitsa.

"Anatidyetsa. Ndipo nyanja inabwerera."

Masana a tsiku lomwelo anatsegula shedi, n'kutulutsa katoni ija panja pamene aliyense akanaona. Anayala malole pamphasa. Anatenga tchizulo ndi nyundo, n'kuyamba kudula maliveti.

Sinali ntchito ya ukali. Ankachita mwadongosolo, monga anawapangira. Masipoko ankawaika m'chitini chawo, mawilo m'chitini china, malata n'kuwawongola pa njanji. Lole iliyonse inamutengera masabata kuipanga, ndipo inkatha kuphwasuka munthu asanamalize kudya chinangwa chootcha. Zifuwa zokha, zokhala ndi chizindikiro chija, ankaziponya m'thumba la saka pamodzi ndi mitu.

Aubrey anafika akuthamanga kuchokera kumene ankamwa tiyi.

"Alamu! Mwapenga? Ndakuuzani kuti ndipeza wogula wina!"

"Mwandiuza."

"Ndiye mukuphwanyiranji chuma? Siyaniko zisanu zokha. Tiziike tinyanga tija. Bwatomunthu apite poyera kwa mayi Sharon, malole azidutsa kuseri. Ndani adziwe?"

"Saulos adziwa. Amayi a tomato adziwa." Makisoni anaika tchizulo pa liveti ina. "Mapanga awiri avumbwitsa, alamu. Sindingakaime pamsika kunena kuti changa ndi changa, kuseri ndikudula makutu mbuzi za eni."

"Ogula malole ndi ambiri kuposa ogula maboti. Mukudziwa zimenezo? Azungu aja amafuna chimene anachiona ali ana. Boti la pa Chilwa salidziwa."

"Alidziwa."

Alli, amene anakhala chapatali akusoka ukonde, anapukusa mutu.

"Koma a Makisoni ndinu ouma mtima. Ana angobwera kumene ku Joni, inu n'kuwapha?"

Ulendo uno Makisoni anaseka zenizeni.

"Sindikuwapha, Alli. Ndikuwalowetsa usodzi."

Tsiku la msika lotsatira anabwerera ku Songani. Anavala epuloni yake ya ntchito, thumba la saka lili paphewa. Aubrey ankamutsatira monyinyirika, foni m'manja, chifukwa mlongo wake anamuuza kuti akapanda kupita asadzaonekenso pakhomo pake.

Anyamata a kabaza anawaona ali patali.

"Abwera aja! Gawo lachiwiri!"

Pamene ankafika pa thebulo la Saulos, anthu anali atapanga kale bwalo. Mayi wa mpango wachikasu anasiyira mnzake tomato kuti apeze malo akutsogolo.

"Achimwene," anatero Saulos, "mwabweranso? Kodi tsiku lija munaiwala chenji?"

"Mwadzuka bwanji, a Saulos?"

Ulemuwo unamudodometsa Saulos kuposa chipongwe.

"Tadzuka, kaya inu."

Makisoni anatula thumba, analigwira kumatako, n'kukhuthula. Zifuwa ndi mitu ya maloboti zinagwa pansi ndi phokoso ngati la mbale zakugwa pa thandala, zofiira ndi zobiriwira, chilichonse ndi chizindikiro chake.

"Tsiku lija munandifunsa funso pamaso pa anthu awa," anatero. "Ndinalibe yankho. Yankho lake ndi ili. Malole onse amene ndinali nawo ndi amenewa. Mapatani ake ndasonkhezera mbaula. Eni ake akana, ndipo ine lole sindidzapanganso, ya nyanga kapena yopanda nyanga."

Saulos anatola chifuwa chimodzi, anachitembenuza, n'kuona pamene tchizulo inadutsa. Anali mmisiri, ndipo ankadziwa kuchuluka kwa ntchito imene inali pansipo.

"Mwaphwanya zonsezi?"

"Zonse. Tsono manja anga ndi awa, mulibe cha mwini. Ndifunse langa. Munati mwini munda akakhala kutali n'zovuta. Ine ndafupika. Msewu woipa uja ndauyenda ndine, kawiri. Ndaima pano. Boti losanduka msodzi analiyamba ndani?"

Saulos anayang'ana anthu, anthu n'kumuyang'ana iye.

"Yankhanitu, bambo," anatero mayi wa mpango wachikasu. "Tsiku lija pakamwa panali pa liwiro. Lero mwameza chingamu?"

"Iiih, mayi inu, kodi tomato wanu akugulitsa ndani?"

"Musandisinthire nkhani. Mnzanu wasamba. Inu mukhala ndi litsiro?"

Saulos anapumira m'mwamba. Anayang'ana foni ya Aubrey imene inali itamuloza ikujambula, anakonza kolala, n'kulankhula mokweza ngati akulengeza kutchalitchi.

"Chabwino. Imvani nonse, ndi inu a mufonimo. Bwatomunthu ndi wa a Makisoni a ku Kachulu. Anamuyamba ndi iwo. Ine ndinaonera." Anatembenuka, n'kuzula chikwangwani chija pamsomali. "Koma ndinaonera bwino, musaiwale kunena zimenezo."

Anthu anaseka, ena n'kuwomba m'manja.

"Tsono nditani nawo awa?" anafunsa Saulos akuloza zidole za pathebulo. "Nanenso ndiphwanye? Ine mtima wa chitsulo ngati wanuwo ndilibe. Ana anga amadya pamenepa."

"Pemphani."

"Pano? Pamaso pa a kabaza?"

"Munandifunsa pamaso pa a kabaza."

Saulos anakanda chibwano. Kenaka anaika chikwangwani pansi, anawomba m'manja kawiri mwaulemu, mutu atapendeketsa.

"Odi, a Makisoni. Ndikupempha nawo boti lanu."

"Lowani," anatero Makisoni.

Anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa kachitsulo kotalika ngati chala, kamene anakasula yekha kuchokera ku bawuti. Kumapeto kwake kunali zilembo ziwiri, M ndi K, Makisoni wa ku Kachulu. Anatembenuza chidole chimodzi, anaika kachitsuloko pansi pa boti, n'kumenya kamodzi ndi nyundo ya Saulos.

"Aliyense amene mupange azikhala ndi chidindo ichi. Dzina lanu muziika pansi pake, chifukwa manja ndi anu. Songani, Domasi, Malosa mpaka ku Liwonde, gulitsani. Kunja kwa dziko ndi kwanga. Wofunsa muzimuuza zoona."

"Chidindocho mundisiyira?"

"Ndasula ziwiri."

Saulos anachilandira ndi manja awiri. Aubrey anatsitsa foni, nkhope yake itayamba kuwala koyamba chibwerere katoni ija.

"Zakwana, alamu. Izi mayi Sharon akaziona, nkhani yatha. Tiyeni tisanaphonye njinga."

"Musazimitse."

"Chatsala n'chiyani?"

Makisoni anatola chidole chimene anachidinda chija. Anakoka mutu, anatsegula nthiti, ndipo kaphokoso kaja kanamveka, tcha. Anachikweza kuti anthu aone, chala chili pa kawaya.

"Ichi si changa," anatero. "Wanga amagwidwa manja ndi labala, ndipo labala amaduka. Zaka zitatu ndalephera. Kawaya ka ambulera aka ndi nzeru za a Saulos."

Anavula kapusi. Mawu anatuluka movuta, koma anatuluka onse, ndipo anamveka mpaka kwa ogulitsa tomato.

"Odi, a Saulos. Ndikupempha nawo."

Chimwemwe chinamukwera Saulos pang'onopang'ono kuchokera m'khosi mpaka m'maso. Anapinda manja pachifuwa, n'kuyang'ana kumwamba ngati munthu woganiza zakuya.

"Hmm. Nkhani yake ndi yaikulu. Mwina mubwere sabata yamawa, ndikafunse kaye maloya anga."

"Saulos!"

"Ndikuseka, achimwene, ndikuseka. Lowani." Anakankhira mpando wake kwa Makisoni ndi phazi, iye n'kukhala pa kheni yovundikira. "Koma ka S kanga kakakhale pambali pa kawayako, ngakhale ku Joni."

"Kakakhala."

Makisoni anakhala pansi. Anthu anayamba kubalalika, a kabaza kubwerera ku siteji, mayi uja ku tomato wake. Saulos anasolola nthiti ya ambulera yakale pansi pa thebulo, anaidula ndi pulayala, n'kuigwira pakati pa zala ziwiri patsogolo pa mphuno ya mnzake.

"Chinsinsi chili pa kupinda kwachiwiri," anatero. "Penyetsetsani, a mwini luso. Sindibwereza."